"Under Review" kwa miyezi itatu: tanthauzo la mawu amene mumaona mukafunsira ntchito pa intaneti, ndi nthawi yoyenera kufunsiranso

Mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno ku Dedza kutafika poti juzi suvula ngakhale masana, mwana wa mchemwali wanga anabwera kunyumba kuchokera kwawo cha ku Bembeke. Ali ndi dipuloma ya za chitukuko cha m'madera, ndipo chino ndi chaka chachiwiri akusaka ntchito. Tisanamalize n'komwe kulonjerana anandipatsira foni.

"Malume, taonani apa. Ndinafunsira mu Malichi, koma mpaka lero pangolembedwa Under Review. Ndiye dzulo ndaona ntchito yomweyo ayilengezanso. Ndilembenso, kapena ndizingodikira?"

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri, kwa ana a abale, kwa achinyamata a kutchalitchi, ngakhale kwa abambo a mabanja amene makontirakiti awo anatha. Ndinagwirapo ntchito zaka zingapo mu ofesi yoona za antchito pa bungwe lina, ndipo mbali ina ya ntchito yanga inali kulandira makalata ofunsira ntchito, kuwasanja, ndi kudina mabatani amene amasintha mawu omwe ofunsira amaona pa foni zawo. Mawuwa ndimawadziwira kuseri kwake. Chimene chimandipweteka n'chakuti ana athu amawerenga mawu awiri a Chingerezi ngati chigamulo cha khoti pa moyo wawo, chonsecho mawuwo amangonena pamene pepala lafika mu ofesi, ndipo nthawi zina sanena n'komwe zoona za lero.

Kumene kalata yanu imakafikira

Mabungwe akuluakulu ndi makampani ambiri anasiya kulandira maenvulopu. Amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta imene pa Chingerezi amati applicant tracking system, mwachidule ATS. Tingoti ndi kaundula wa ofunsira ntchito. Mapulogalamuwa alipo ambiri: Workday, Taleo ya kampani ya Oracle, SuccessFactors ya SAP, Greenhouse ndi ena. World Vision imalandirira makalata pa Workday, pamene likulu la United Nations lili ndi yakeyake yotchedwa Inspira. Mukaona mawu akuti myworkdayjobs pa adiresi ya tsamba, dziwani kuti muli pa Workday, ndipo musadabwe akamakuuzani kuti mutsegule akaunti yatsopano pomwe munatsegula kale kwina. Pa Workday bungwe lililonse lili ndi khomo lakelake.

Ntchito iliyonse ikatsegulidwa mu kaundulayu imapatsidwa nambala. Ena amalemba Job ID, ena Requisition Number, ena Reference. Kawirikawiri imakhala pansi pa dzina la ntchito, mu zilembo zing'onozing'ono zimene anthu ambiri saziyang'ana. Nambala imeneyi muziilemba mu kope limodzi ndi tsiku limene mwafunsira ndi tsiku lotsekera. Tibwereranso kwa iyo, chifukwa nkhani yonse ya kufunsiranso yagona pamenepa.

Chachiwiri chofunika kuchimvetsa ndi ichi: kaundulayu ali ndi mbali ziwiri. Mbali ya mkati, imene a mu ofesi amaona, ikhoza kukhala ndi masitepe khumi kapena kuposa: kalata yalandiridwa, yaonedwa ndi a ofesi ya antchito, yatumizidwa kwa bwana wa dipatimenti, ikudikira komiti, munthu waitanidwa ku mayeso olemba, ndi zina zotero. Mbali ya kunja, imene inu mumaona, imakhala ndi mawu atatu kapena anayi basi. Liwu limodzi la kunja limaphimba masitepe angapo a mkati. Ndipo amene amasankha mawu a kunjawo ndi bungwe lenilenilo, osati opanga pulogalamu. N'chifukwa chake In Progress wa bungwe ili ndi In Progress wa bungwe lija sakhala ofanana, ngakhale onse ali pa Workday. Wina akakuuzani motsimikiza kuti "In Progress ndiye kuti wadutsa," akungonena zimene zinamuchitikira iyeyo pa bungwe limodzi.

Ndiyambe ndi liwu limene latayitsa anthu ambiri mwayi kuposa ena onse, ngakhale silioneka loopsa: Draft, kapena Incomplete, kapena Not Submitted. Tanthauzo lake n'lakuti kalata yanu sinafike kwa aliyense. Munalemba zonse, munaika CV, koma batani lomaliza silinagwire. Kwathu kuno zimenezi zimachitika kwambiri. Munthu ali ku Mayani kapena ku Lobi, netiweki ikubwera ikupita, bandulo yathera pa tsamba lomaliza, iye n'kuganiza kuti zapita. Amadikira miyezi iwiri kalata imene a mu ofesi sanaione n'komwe. Ndinkaona mayina otere mu kaundula tsiku lotsekera litadutsa, ena ali ndi maphunziro abwino ndithu, koma malamulo sankalola kuwalowetsa. Umboni woti kalata yafika ndi imelo yovomereza, imene imabwera yokha pakangopita mphindi zochepa. Ikapanda kubwera, yang'anani mu Spam. Ngati mulibenso, lowaninso mu akaunti muone mawu amene alembedwa. Ngati kuli kotheka, ntchito yoika makalata muzichitira pamalo pomwe netiweki ndi yokhazikika, ngakhale zitafuna kukwera njinga kubwera pa boma, ndipo musadikire tsiku lomaliza.

Za tsiku lomalizali palinso msampha wa nthawi. Ntchito za pa Inspira zimatsekedwa 11:59 usiku pa nthawi ya ku New York, yomwe kuno imakhala m'mawa wa tsiku lotsatira, cha m'ma 6 kapena 7 koloko malinga ndi nyengo ya kumeneko. Apo mwapindula maola. Koma bungwe limene limayendera nthawi ya ku Nairobi limatseka kuno ili 11 koloko usiku, chifukwa iwo ali patsogolo ndi ola limodzi.

Submitted, Received ndi Applied ndi mawu osavuta. Kalata yafika, ili pa mzere, basi. Kaya wina waitsegula kapena ayi, mawuwa sanena.

Mawu amene amasowetsa anthu tulo

Under Review, Under Consideration, In Process, In Progress: onsewa amangoti kalata ikuunikidwa. Apa mpamene mwana wa mchemwali wanga anakhala miyezi itatu, ndipo apa mpamene ambiri amakhalitsa.

Ganizirani za ku chigayo. Mwasiya thumba lanu la chimanga pa mzere, mwapita. Magetsi azima. Thumba lakhala pomwepo tsiku lonse, mwina mpaka mawa. Kukhalitsa kwake sikukunena kanthu za chimanga chanu, kaya n'chabwino kaya n'chofumbwa. Chigayo ndiye chaima. Under Review nthawi zambiri imakhala chimodzimodzi.

Ndikuuzeni zimene zimachitika mkatimo. Tsiku lotsekera likadutsa, wa mu ofesi ya antchito amayamba wachotsa amene alibe zofunikira zenizeni, monga satifiketi yotchulidwa kapena zaka zogwira ntchito. Otsalawo amawatumiza kwa bwana wa dipatimenti imene ikufuna munthu. Bwanayu ali ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku: sabata ino ali ku Golomoti kuona za madzi osefukira, sabata ya mawa ali ku Lilongwe ku msonkhano, kenako akulemba lipoti la opereka ndalama. Akapeza mpata asankha anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi oti aitanidwe. Kenako pafunike tsiku limene anthu atatu kapena anayi a mu komiti onse alipo. Intavyu ikachitika, lipoti lilembedwe, lisainidwe, mwina lipite ku likulu. Wosankhidwayo afufuzidwe kumene ankagwira kale. Masitepe onsewa, kwa inu pa foni, ndi mawu amodzimodzi aja.

Pali chinthu china chimene ofunsira ambiri sachidziwa. Maofesi ambiri sasintha mawu a anthu amene agwa mpaka wosankhidwa atasainira kalata ya ntchito. Amadikira kaye, ndiye tsiku limodzi amasankha mayina onse otsala n'kudina batani limodzi, maimelo a pepani n'kupita kwa onse nthawi imodzi. Choncho n'zotheka kuti munagwa sabata yoyamba, koma foni ikukuuzanibe Under Review mwezi wachitatu. N'zothekanso kuti muli wachiwiri pa mndandanda, ndipo akukusungani dala kuti woyamba akakana akuitaneni. Pa foni ziwirizi zimaoneka zofanana. Ndipo kuli maofesi ena amene batani lomalizalo salidina n'komwe, munthu walembedwa kale, wayamba ntchito, ena onse akadali Under Review chaka chathunthu. Khalidwe limeneli ine ndimaliona ngati kusalemekeza anthu amene anagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo kuti afunsire. Olemba ntchito ayenera kusintha pamenepa. Koma pamene sanasinthe, inu mudziteteze: pakadutsa miyezi iwiri chitsekereni popanda foni, popanda imelo, popanda kuitanidwa ku mayeso, mtima wanu muuchotsepo n'kuyang'ana kwina. Akadzaimba, zikhale ngati mvula ya chizimalupsa, yobwera musanaiyembekeze.

Za wachiwiri pa mndandanda ndikufuna ndiwonjezepo, chifukwa zimakhudza ife a m'maboma ano. Ntchito zambiri za mabungwe zimalengezedwa kuti munthu akakhala ku Kasinje, ku Tsangano, ku Mtakataka kapena ku Kasumbu. Wopambana intavyu nthawi zina amakhala wa mu tauni, amene akafika n'kuona nyumba, msewu wa nthawi ya dzinja ndi mtunda wa kusukulu ya ana, amakana, kapena amagwira miyezi iwiri n'kuchoka. Pamenepo ofesi imabwerera ku mndandanda uja. Ngati ndinu wa konkuno, mumadziwa mafumu, mumadziwa misewu, ndipo ndinu wokonzeka kukhala kumudzi, zilembeni poyera mu kalata yanu. Ndinaonapo chiganizo chimodzi chotere chikukweza munthu pa mndandanda.

Shortlisted, Assessment, Interview, Reference Check ndi Offer ndi mawu abwino, ndipo safuna kutanthauzira kwambiri. Chenjezo langa ndi limodzi. Reference Check, pamene akufufuza za inu kwa okuchitirani umboni, si ntchito, ndipo foni yoti "mwapambana" si ntchito. Musasiye kumene mukugwira, musagulitse mbuzi kuti musamuke, mpaka kalata yokulembani ntchito ili m'manja ndipo mwasainira. Auzeninso anthu amene munawalemba ngati okuchitirani umboni kuti aziyankha foni ndi kuona maimelo, chifukwa kuchedwa kwawo kumachedwetsa inu.

Pamene chitseko chatsekeka, ndi mmene chatsekekera

Not Selected, Unsuccessful, Regret, No Longer Under Consideration. Onsewa akunena chimodzi: pa nambala imeneyi simunatengedwe. Sakunena kuti bungwelo lakukanani mpaka kalekale. Chofunika kuchiona ndi nthawi imene mawuwa abwera.

Akabwera patangopita mphindi kapena maola ochepa, mwina usiku pomwe maofesi ndi otseka, palibe munthu amene wawerenga CV yanu. Mwagwa pa mafunso aja a Yes kapena No amene amafunsa musanatumize. Bungwe limatchera mafunsowo kuti yankho lina lake lizichotsa munthu lokha. Kodi muli ndi digiri? Kodi mwagwira zaka zitatu? Kodi munalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi kapena ku Medical Council of Malawi? Ngati chinthucho mulibedi, palibe chodandaula. Koma ambiri amagwa chifukwa chosamvetsa funso. Limene ndimaliona kawirikawiri ndi lija lofunsa ngati mudzafuna sponsorship kuti mugwire ntchito. Mwana wa kwathu akaona liwu limeneli amaganiza za thandizo la ndalama, ngati la fizi, n'kudina Yes. Funsolo likufunsa ngati ndinu mlendo wofuna kuti bungwe likupezereni chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo. Mmalawi wofunsira ntchito ya ku Malawi yankho lake ndi No. Linzake limafunsa ngati malamulo amakulolani kugwira ntchito m'dziko muno, ndipo yankho ndi Yes.

Anthu amakonda kunena kuti kompyuta ndiyo imawerenga ma CV n'kutaya amene saifuna. Pa zimene ndinaona ine, chimene chimataya anthu chokha ndi mafunso amenewa. CV imawerengedwa ndi munthu, kungoti mothamanga, ndipo nthawi zina amayamba wasaka liwu, monga dzina la satifiketi, kuti achepetse mulu. Apa pali vuto lina la kwathu. Munthu amakalembetsa CV pa malo otayipira pa boma, ampatsa pepala, iye n'kulijambula ndi foni n'kutumiza chithunzicho. Mapulogalamu ambiri sawerenga bwino mawu a pa chithunzi, ndiye posaka dzina lanu silituluka. Mukakalembetsa, pemphani akupatseninso fayilo yeniyeni ya Word kapena PDF pa foni kapena pa imelo yanu.

Mawu a pepani akabwera patapita masabata angapo musanaitanidwe, ndiye kuti munthu anaona mapepala anu koma ena anakuposani, kapena mapepalawo sanaonetse bwino zimene mumadziwa. Akabwera mutachita intavyu, ndiye kuti pa mapepala munakwana. Kusiyana kumeneku mukusunge, kudzakuthandizani posankha zochita.

Filled, Closed, Process Completed ndi Recruitment Completed amanena za ntchitoyo, kuti nkhani yake yatha. Ngati simunaimbiridwe foni, wina watengedwa. Closed yokha imafuna kusamala, chifukwa pena imangotanthauza kuti asiya kulandira makalata atsopano pomwe kusankha kukupitirira. Pa Workday kalata ikasamuka kuchoka pa Active kupita pa Inactive, ulendo wake watha.

Cancelled ndi On Hold ndi nkhani ina, ndipo palibe cholakwa chanu. Magetsi a chigayo aja ndi amenewa. Ntchito za mabungwe zimadalira ndalama za opereka thandizo, ndipo nthawi zina amalengeza ntchito ndalamazo zisanafike. Tonse tinaona zimene zinachitika mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja: mapulojekiti amene ankadalira USAID anaima, ogwira ntchito anauzidwa kukhala kunyumba, ndipo ntchito zimene zinali zitalengezedwa zinafera m'njira. Amene anafunsira nthawi imeneyo n'kusamva kanthu asadziyese olephera. On Hold ikhoza kudzuka, ikhozanso kufa mwakachetechete. Kudziwa chaka cha ndalama kumathandiza kumvetsa nyengo zake: cha boma la Malawi chimayamba pa 1 Epulo kuyambira mu 2022, cha boma la America chimayamba pa 1 Okutobala, ndipo mabungwe ambiri amatsegula kapena kutseka ntchito mozungulira masiku amene opereka ndalama awo amayendera.

Liwu lina labwino limene anthu amalinyoza ndi Rostered, kapena Talent Pool. Ku United Nations, munthu amene wadutsa masitepe onse n'kuvomerezedwa koma osatengedwa amatha kuikidwa pa mndandanda wa oyenerera, ndipo ntchito yofanana ikadzatuluka akhoza kutengedwa osayambiranso mayeso onse. Musangokhala kudikira foni. Ntchito yofanana ikalengezedwa, funsirani, kuti adziwe kuti mukadalipo ndipo mukuifuna.

Withdrawn ndi pamene inu nokha mwachotsa kalata. Ambiri amadina Withdraw pofuna kukonza kalakwika kakang'ono kuti atumizenso. Samalani kwambiri, chifukwa mabungwe ena anatchera kaundula wawo kuti munthu amene wachotsa kalata asafunsirenso pa nambala yomweyo. Chilembo chimodzi cholakwika mu kalata sichingakugwetseni, koma batani limeneli likhoza kukutsekerani kunja. Ngati cholakwikacho n'chachikulu, monga nambala ya foni kapena CV ya munthu wina, yambani mwaona ngati akaunti ikulola kusintha, apo ayi lemberani imelo ku ofesi.

Ntchito za boma, za makhonsolo ndi za mabungwe ang'onoang'ono zambiri zikadali za envulopu kapena imelo wamba. Zimadutsa ku Civil Service Commission, Local Government Service Commission, Teaching Service Commission kapena Health Service Commission, malinga ndi mtundu wa ntchito. Kumeneku kulibe mawu oti muziona pa foni. Chimene muli nacho ndi chiganizo chija cha kumapeto kwa chilengezo mu The Nation kapena The Daily Times, choti okhawo osankhidwa ndi amene adzadziwitsidwe. Mayina amatha kumatidwa pa bolodi ya ku khonsolo kapena kufalitsidwa pa masamba a maunduna. Muziyendera bolodi, ndipo nambala ya foni imene munalemba pa kalata musaisinthe kapena kuibwereketsa. Ndikudziwa anthu amene anaitanidwa pa simu khadi imene inatayika kalekale.

Tsopano funso lija: ndilembenso?

Yambani ndi nambala. Tsegulani kope lanu, yerekezani nambala ya chilengezo chakale ndi ya chatsopano. Ngati ndi yomweyo, ntchitoyo sinatsegulidwe mwatsopano. Angotalikitsa masiku, kapena tsamba ngati LinkedIn langoikwezanso pamwamba n'kulemba Reposted. Kalata yanu ikadali mkati, ndipo kaundula nthawi zambiri sangakuloleni kutumiza ina. Apa mpamene ena amatsegula akaunti yachiwiri ndi imelo ina kuti alowe kawiri. Musatero. Wa mu ofesi amaona dzina limodzi, nambala ya foni imodzi, ma CV awiri amene mwina akusiyana zaka kapena madeti, ndipo funso loyamba limene limamubwerera ndi lakuti zoona ndi ziti.

Ngati nambala yasintha, kwa kaundula imeneyo ndi ntchito ina. Kalata yanu yakale siisamuka yokha pokhapokha wina aisamutse. Mukapanda kufunsira, pa mulu watsopanowo mulibepo, ngakhale yakale ija ikulembabe Under Review.

Kenako werengani chilengezo chonse mpaka pansi, pofunafuna chiganizo chonena za amene anafunsira kale. Akalemba kuti previous applicants are encouraged to re-apply, lembaninso osazengereza. Akalemba kuti previous applicants need not apply, mawuwa ali ndi matanthauzo awiri. Pena akutanthauza kuti makalata akale akadali ndi ntchito, musavutike. Pena akutanthauza kuti anaona onse akale ndipo sanapezepo amene akumufuna. Chosiyanitsira ndi akaunti yanu: ngati kalata ikadali yamoyo, muli mu gulu loyamba, ngati inalembedwa Not Selected, muli mu lachiwiri, ndipo kutumizanso mapepala omwewo ndi kutaya bandulo.

Ikani zilengezo ziwirizo pambalipambali, ngati munasunga chakale, n'kuona chimene chasintha. N'chifukwa chake ndimauza ana kuti azijambula chilengezo chilichonse asanafunsire, poti chikatsekedwa chimachotsedwa pa tsamba. Bungwe likalengezanso ntchito, kawirikawiri pali chifukwa: oyenerera anachepa, wosankhidwa anakana, kapena azindikira kuti akufuna munthu wa mtundu wina. Chifukwacho chimaonekera pa mzere umene awonjezera kapena kuchotsa. Ngati poyamba ankafuna digiri ndipo tsopano akuti dipuloma, chitseko chakutsegukirani. Ngati awonjezera chinthu chimene mulibe, onani ngati alemba kuti n'chofunika ndithu kapena n'chongowonjezera mwayi.

Pomaliza dzifunseni pamene munagwera ndi chimene chasintha kwa inu. Amene anagwa pa mafunso a Yes ndi No chifukwa chosamvetsa akhoza kufunsiranso tsiku lomwelo limene nambala yatsopano yatuluka. Amene ntchito yake inalembedwa Cancelled, chimodzimodzi, palibe chodikira. Amene anagwa pa mapepala asatumizenso CV yomweyo. Ailembenso mogwirizana ndi mawu a mu chilengezo, aike manambala enieni a zimene anachita, monga magulu angati a alimi amene anawaphunzitsa kapena midzi ingati imene ankayendera, ndipo asaiwale miyezi imene anagwira ngati intern kapena mongodzipereka. Amene anafika pa intavyu ali pabwino kuposa mmene amaganizira, chifukwa komiti imakumbukira nkhope za amene anatsala pang'ono. Iyeyu akhoza kulemba imelo yaifupi yothokoza ndi kufunsa mwaulemu mbali imene angakonze. Ena sayankha, ena amayankha, ndipo yankho limodzi lotere limaposa malangizo a anthu khumi a pa WhatsApp.

Mumamva anthu akunena kuti ukakanidwa uyenera kudikira miyezi 6 usanafunsirenso. Lamulo lotere la onse kulibe. Makampani ena amaika nthawi yodikira, makamaka kwa amene alephera mayeso awo olemba, ndipo akatero amalemba mu imelo ya pepani kapena pa tsamba lawo. Popanda kulembedwa paliponse, chimene chikukuletsani si kalendala. Miyezi 6 ili ndi phindu pokhapokha ngati mkati mwake mwapeza chinthu chatsopano choti muonetse: satifiketi, laisensi, ntchito ina ngakhale yaganyu ya kalembera. Kufunsira ntchito ina yosiyana pa bungwe lomwelo n'kololedwa nthawi iliyonse, bola ikhale yogwirizana ndi maphunziro anu. Wa mu ofesi amaona mbiri yanu yonse pa tsamba limodzi. Akaona kuti mwezi umodzi mwafunsira udalaivala, uakauntanti ndi umanejala wa pulojekiti, amaona munthu amene sakuwerenga zilengezo.

Kufunsa za kalata yanu si mlandu, bola mudutse pa khomo loyenera. Imelo imodzi ku adiresi ya bungwe, patapita masabata atatu kapena anayi chitsekereni, yokhala ndi dzina la ntchito, nambala yake ndi funso limodzi. Kusaka nambala ya foni ya bwana, kapena kutuma wachibale kuti akakunenereni, n'kumene zilengezo zambiri zimatcha canvassing, ndipo zimanena poyera kuti wotero achotsedwa. Mwana wa mchemwali wanga anandifunsa ngati ndilibe mnzanga kumeneko woti ndimuimbire. Ndinamuuza kuti umalume wanga ndiuonetsa pomuthandiza kukonza mapepala, chifukwa foni yangayo ikhoza kumuwonongera dzina pa bungwe limene adzafunsireko kangapo m'moyo wake. Ndipo aliyense amene angakuimbireni kuti dzina lanu lili pa mndandanda koma mutumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti lisunthe, ameneyo ndi wakuba. United Nations imalemba pa chilengezo chilichonse kuti silipiritsa ndalama pa sitepe ina iliyonse, ndipo mabungwe enieni onse amayendera momwemo.

Tsiku lija tinakhala pa khonde, dzuwa likuyesa kutenthetsa, n'kutsegula zilengezo ziwirizo. Mwamwayi chakale anali atachijambula. Nambala zinali zosiyana. Chatsopanocho chinalibe mawu oletsa amene anafunsira kale, chinatchula dera la kumudzi kumene munthu akakhale, ndipo chinawonjezera mzere umodzi, woti laisensi ya njinga yamoto idzawonjezera mwayi. Njinga amayendetsa, anaphunzira pa ya mlongo wake wa kabaza, koma laisensi alibe. Pa funso la laisensi anayankha No, poti ndiye zoona, ndipo mu kalata analemba kuti amayendetsa njinga, wayamba kukonza za laisensi ku Road Traffic, ndiponso kuti anakulira m'dera lomwelo. CV tinailembanso, tinaikamo magulu a banki m'khonde amene ankawayendera pa nthawi imene ankagwira mongodzipereka. Anatumiza kutatsala masiku 9 kuti atseke. Imelo yovomereza inabwera tiyi asanazizire, ndipo analemba nambala ndi tsiku mu kope lake. Patapita sabata ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: kalata ya mu Malichi ija inali itasintha, palembedwa Cancelled.